KUMENE WOYENDETSA NDEGE AMAYAMBIRA: MAKAMPANI AANG'ONO NDI MAKAMPANI AAKULU

Mphunzitsi wina wa pa sukulu ya kumudzi watilembera kalata kunena kuti m'kalasi mwake muli anyamata atatu ndi mtsikana mmodzi amene ali kufuna kudzakhala oyendetsa ndege. Iye akuti anawo amufunsa funso limene lamuvuta kuyankha. Funsolo ndi ili: kodi munthu akatsiriza maphunziro ake a ndege, amangokwera tsiku lomwelo m'ndege yaikulu yopita ku London? Yankho lalifupi ndi lakuti iai. Koma popeza nkhaniyi ikhudza makolo ambiri, ena a iwo okonzeka ngakhale kugulitsa ng'ombe kuti mwana aphunzire, tayesa kuti nkwabwino kuilongosola bwinobwino mwezi uno. Titenga chitsanzo cha dziko la America, pakuti kumeneko ndiko kumene kusiyana kwa makampani aakulu ndi aang'ono kuonekera poyera koposa, ndipo potsiriza tidzaona mmene zinthu zikhalira ku maiko ena ndi kuno kwathu.

MITSINJE YAING'ONO NDI MTSINJE WAUKULU

Tonse tidziwa kuti Shire pofika ku Nsanje ali ndi madzi ambiri, koma madziwo si a m'nyanja okha. Rivirivi, Lisungwi, Mwanza ndi Ruo, uliwonse uthira madzi ake m'menemo. Ntchito ya ndege iyenda chimodzimodzi. Kampani yaikulu ili ndi ndege za mipando 150, 200 kapena 300, ndipo ndege yotere ikauluka ndi mipando yambiri yopanda anthu, mwini wake ataya ndalama. Mzinda waung'ono sungathe kudzaza ndege yotere tsiku ndi tsiku. Chotero pafunika ndege zazing'ono zotola anthu makumi asanu kuno, makumi asanu ndi awiri uko, ndi kukawatula pa bwalo limodzi lalikulu pamene ndege zazikulu ziwayembekeza. Ku America mabwalo otere ali ku Atlanta, Dallas, Chicago, Denver ndi kwina. Kuno ku Africa tinganene Addis Ababa, Nairobi ndi Johannesburg.

Makampani oyendetsa ndege zazing'onozo ndiwo amene titchula kuti makampani a m'zigawo, chifukwa maulendo awo ndi aafupi, a ola limodzi kapena awiri. Aakuluwo ndi monga American, Delta ndi United, amene ndege zawo zioloka nyanja zamchere.

Chisanafike chaka cha 1978, Boma la America ndilo linali kugamula kumene kampani iliyonse iyenera kupita ndi mtengo wa tikiti. M'chaka chimenecho Nyumba ya Malamulo inamasula makampani kuti adzisankhire okha. Aakulu anathamangira ku mizinda ya phindu, nasiyira aang'ono mizinda yotsala. Lero mabwalo oposa theka la mabwalo onse a dzikolo amene alandira ndege za apaulendo afikidwa ndi makampani a m'zigawo okha. Lamulo lomwelo la 1978 linaikanso thumba la ndalama limene Boma lilipira nalo kampani yovomera kupita ku mzinda waung'ono wopanda phindu, kuti anthu akumeneko asatsekeredwe.

DZINA LA WINA, NTCHITO YA WINA

Pano pali chinthu chimene apaulendo ambiri sachidziwa. Tiyerekeze kuti mwini sitolo wamkulu wa m'tauni afuna kutumiza katundu ku midzi, koma safuna kugula malole akeake. Apangana ndi munthu wina wa malole kuti: “Paka malole ako utoto wa sitolo yanga, lembapo dzina langa, pita kumene ndikutuma pa nthawi imene ndanena, ndipo ndidzakulipira pa ulendo uliwonse, lole idzaze kapena isadzaze.” Anthu a kumudzi poona lole ija ayesa kuti dalaivala ndi wantchito wa sitolo, pamene malipiro ake achokera kwa mwini malole.

Umu ndi mmene makampani a ku America anayamba kuchitira cha m'ma 1984 ndi 1985. Munthu agula tikiti ya Delta, nakwera ndege yolembedwa Delta Connection, koma oyendetsa ake ndi antchito a kampani ina. Maina enanso otere ndi American Eagle ndi United Express. Kampani yaikulu koposa ya ntchito imeneyi ndi SkyWest, imene inayamba mu 1972 m'kamzinda ka St. George ku Utah. Ili ndi ndege pafupifupi 500, ndipo iulukira makampani anayi: United, Delta, American ndi Alaska. Makampani ena a m'zigawo ndi ana a makampani aakulu. American ndiye mwini wa Envoy, PSA ndi Piedmont. Delta ndiye mwini wa Endeavor. Ngakhale zili choncho, mabuku a malipiro ndi mndandanda wa antchito ndi zosiyana.

Chifukwa chake cha zonsezi ndi ndalama. Kampani yaing'ono ipatsidwa ntchito ikalonjeza kuigwira motsika mtengo kuposa inzake, ndipo kwa zaka zambiri njira yapafupi yotsitsira mtengo inali kuchepetsa malipiro a antchito. Oyendetsa ndege a makampani aakulu anaona kuti ntchito yawo ikhoza kutha ngati maulendo onse aperekedwa kwa aang'ono. Motero mabungwe awo a apantchito anaumiriza mabwana kulemba m'mapangano kuti ndege ya kampani ya m'chigawo isapose mipando 76. Ichi ndicho chifukwa chake ndege zodziwika pa ntchitoyi ndi Embraer 175 yopangidwa ku Brazil ndi CRJ yopangidwa ku Canada, zonse zokwana m'malire amenewo.

MAKWERERO A MAOLA

Mlimi ayesedwa ndi nkhokwe zake, koma woyendetsa ndege ayesedwa ndi maola amene wakhala m'mwamba. Ali ndi buku lake m'mene alemba ulendo uliwonse, ndege imene anayendetsa, ndi ngati unali usana kapena usiku. Bukuli ndilo chuma chake chachikulu.

Chiphaso choyamba chipezeka munthu akakwanitsa maola osachepera 40 ndi kukhoza mayeso. Ndi chiphaso chimenechi akhoza kuuluka ndi abale ake, koma saloledwa kulandira malipiro. Pambuyo pake aphunzira kuyendetsa m'mitambo, mosaona pansi, modalira mawotchi a m'ndege okha. Akafika maola 250 akhoza kulemba mayeso a chiphaso cha ntchito yolipidwa, naphunziranso ndege ya injini ziwiri. Kufika pamenepa, ku America, munthu akhoza kukhala ataononga madola okwana 100,000, ndipo ambiri achita kukongola.

Komatu ulendo ukadalipo. Chiphaso chapamwamba, chimene chifunika kuti munthu ayendetse ndege ya apaulendo m'dzikolo, chifuna maola 1,500 ndi zaka zakubadwa 23. Nanga maola otsalawo awapeza kuti? Ambiri asanduka aphunzitsi a ophunzira atsopano, kuzungulira bwalo limodzi m'kandege ka mipando iwiri kapena inayi kuyambira m'mawa kufikira madzulo. Ena ajambula malo kuchokera m'mwamba, ena anyamula makalata ndi timaphukusi. Ntchito imeneyi itenga chaka ndi theka kapena zaka ziwiri, ndipo malipiro ake ndi ochepa. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Maola akakwana, khomo loyamba kutseguka kawirikawiri ndi la kampani ya m'chigawo. Pamenepo mnyamata kapena mtsikana aphunzira ndege ya jeti kwa miyezi ingapo. Alowa m'chipinda chomangidwa mofanana ndi kutsogolo kwa ndege, chimene chigwedezeka ngati ndege yeniyeni, ndipo aphunzitsi amuzimitsira injini, kumuyatsira moto wabodza ndi kumugwetsera chimvula, kuti aone ngati asunga mutu. Akakhoza, akhala pa mpando wa kumanja monga wachiwiri, ndi mizere itatu pa phewa. Pa mpando wa kumanzere pakhala kaputeni, wa mizere inayi, amene mlandu wonse wa ndege ndi anthu ake uli pa iye. Awiriwa asinthana: ulendo uno ayendetsa mmodzi pamene mnzake alankhula pa wailesi ndi kuyang'ana mawotchi, ulendo wobwerera asinthana ntchito.

Wina asaganize kuti ntchito ya kampani yaing'ono ndi yopepuka. Nthawi yovuta koposa pa ulendo wa ndege ndi ponyamuka ndi potera. Woyendetsa wa m'chigawo anyamuka ndi kutera kanayi kapena kasanu pa tsiku, nthawi zina pa mabwalo aafupi, m'chipale chofewa, m'nkhungu ndi m'mphepo. Mnzake wa ndege yaikulu yochoka ku Atlanta kupita ku Johannesburg akhala m'mwamba maola pafupifupi 15, ali anayi osinthana kugona, ndipo pa mwezi wathunthu atera kangapo chabe. Chotero kampani yaing'ono ndiyo sukulu yeniyeni kumene dzanja likhwimira. Kumenekonso ndiko kumene munthu ayamba kukhala kaputeni. Lamulo lifuna kuti ayambe wagwira maola 1,000 pa ntchito ya makampani a apaulendo asanakhale pa mpando wa kumanzere. Pamenepo aphunzira kulamula, kukana kunyamuka ngati nyengo ili yoipa ngakhale apaulendo ali kudandaula, ndi kumvera wachiwiri wake akamuchenjeza. Makampani aakulu polemba anthu ntchito amaonetsetsa kwambiri maola a ukaputeni amenewa.

NGOZI IMENE INASINTHA MALAMULO

Lamulo la maola 1,500 kwa wachiwiri silinalipo kale. Kufikira 2013, munthu wa maola 250 anali kuloledwa kukhala pa mpando wa kumanja. Chimene chinasintha zinthu ndi ngozi ya usiku wa pa 12 Febuluwale 2009.

Usiku umenewo ndege ya mtundu wa Q400 inanyamuka ku Newark kupita ku Buffalo. Matikiti anagulitsidwa m'dzina la Continental, koma ndegeyo inali kuyendetsedwa ndi kampani ya m'chigawo yotchedwa Colgan Air. Itatsala mailosi ngati asanu kuti ifike pa bwalo, liwiro lake linachepa kwambiri oyendetsa osazindikira msanga. Tiyenera kudziwa kuti mapiko anyamula ndege pokhapokha mpweya ukamapita pa iwo mokwanira. Liwiro likachepa ndipo mphuno ikaloza kumwamba koposa, mapiko aleka kunyamula, monga njinga imene iyamba kupendama wokwera akalephera kupalasa pa chitunda. Mankhwala ake aphunzitsidwa kwa wophunzira aliyense: tsitsa mphuno, onjeza mphamvu ya injini. Chiwongolero chinanjenjemera kuchenjeza monga chinapangidwira, koma kaputeni anachikokera kwa iye, mphuno nikwera. Ndege inagwera pa nyumba m'dera la Clarence Center. Anthu onse 49 a m'ndege anafa, pamodzi ndi munthu mmodzi wa m'nyumbamo.

Ofufuza a Boma anapeza kuti ndegeyo inalibe chilema chogwetsa. Cholakwa chinali pa mayendetsedwe. Koma pofufuza anavundukula zambiri za moyo wa antchito a makampani aang'ono. Kaputeni anali atalepherapo mayeso angapo a kuuluka m'mbuyomo. Wachiwiri wake, mayi wachitsikana, anali kulandira madola ngati 16,000 pa chaka, ndalama zosakwana kukhalira pafupi ndi Newark. Anali kukhala kwa makolo ake pafupi ndi Seattle, ku mapeto ena a dziko, ndipo anayenda usiku wonse pa ndege za katundu kuti afike ku ntchito. Ofufuza ananena kuti kutopa kuyenera kuti kunafooketsa onse awiri.

Abale a anthu akufawo sanakhale chete. Anapita ku Washington kawirikawiri kukadandaula kwa aphungu, kufikira lamulo latsopano linasainidwa mu Ogasiti 2010. Kuchokera m'lamulo limenelo, mu 2013 kunakhazikitsidwa kuti wachiwiri nayenso akhale ndi chiphaso chapamwamba. Anachepetserako ena: wochokera ku usilikali afuna maola 750, wa digiri ya zaka zinayi ya zandege 1,000, ndi wa maphunziro a zaka ziwiri 1,250. Mu 2014 kunayambanso lamulo lakuti woyendetsa apumule maola 10 asanayambe ntchito, ndipo lamulo la 2010 lija linauzanso ogulitsa matikiti kuti azinena poyera kampani yeniyeni imene idzayendetsa ndege.

Anthu akali kutsutsana za lamulo la maola. Otsutsa akumbutsa kuti oyendetsa onse awiri a ku Buffalo anali ndi maola oposa 1,500, ndipo akuti chofunika ndi maphunziro abwino, osati kungozungulira m'kandege kakang'ono. Akutinso lamuloli latsekera ana a anthu osauka. Ovomereza ayankha kuti kuyambira 2009 dzikolo linakhala zaka pafupifupi 16 popanda ngozi yaikulu ya ndege za apaulendo za makampani ake, kufikira pa 29 Januwale 2025, pamene ndege ya PSA inaombana ndi helikopita ya asilikali pafupi ndi Washington, nipha anthu 67. Mbali zonse zili ndi mfundo, koma pa chinthu chimodzi agwirizana: munthu wotopa ndi wosaphunzitsidwa bwino sayenera kupatsidwa miyoyo ya anzake.

MZERE WA PA CHIGAYO

Tsono ngati kampani yaing'ono iphunzitsa bwino chotere, nchifukwa ninji oyendetsa athamangira kuchokako? Choyamba ndi malipiro. Woyendetsa ndege alipidwa pa ola la ulendo, kuyambira pamene ndege ichoka pa malo ake kufikira itaima kumene ipita. Nthawi yoyembekeza pa bwalo ndi yokonzekera siiwerengedwa mofanana. Pa mwezi maola otere akhala 70 kapena 80, ndipo lamulo sililola kuposa 1,000 pa chaka. Cha m'ma 2010, achiwiri ambiri oyamba kumene pa makampani a m'zigawo sanali kufika madola 25,000 pa chaka, ali ndi ngongole ya sukulu pamutu. Pa makampani aakulu, mapangano a 2023 anafikitsa makaputeni akale a ndege zazikulu koposa pa madola opitirira 400 pa ola limodzi.

Chachiwiri ndi mndandanda wa ukulu. Amayi adziwa lamulo la pa chigayo: wofika poyamba ndiye agayitsa poyamba, ndipo ukachotsa dengu lako kupita ku chigayo china, ukayambira kumapeto. Tsiku limene woyendetsa alembedwa ntchito apatsidwa nambala. Nambala imeneyo ndiyo igamula ndege imene adzayendetsa, mzinda umene adzakhala, masiku ake opuma, tsiku limene adzakhala kaputeni, ndiponso amene adzayamba kuchotsedwa malonda akavuta. Wotsiriza kulowa ndiye woyamba kutuluka. Nambalayi siinyamulika. Kaputeni wa zaka 15 pa kampani yaing'ono akalowa ku Delta kapena ku United abwerera pa mpando wa kumanja, pansi pa mnyamata amene analembedwa sabata imodzi iye asanafike. Popeza lamulo lipumitsa woyendetsa akafika zaka 65 (kufikira 2007 zinali 60), chaka chilichonse chochedwa ndi chaka chimodzi chochotsedwa pa malipiro apamwamba a kumapeto. Ndicho chifukwa chake achinyamata achita changu. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi.

Makampani ena anakonza njira yosavuta. Wolowa ku Envoy, PSA kapena Piedmont alonjezedwa kuti nthawi yake ikakwana adzapita ku American popanda kufunsidwanso mafunso a olowa ntchito. Koma ayenera kuyembekeza mzere wake, ndipo mzerewo uyenda msanga kapena mochedwa molingana ndi mmene malonda a kampani yaikulu ayendera.

Aliponso ena amene asankha kukhala pa kampani yaing'ono moyo wawo wonse, ndipo sitinganene kuti alakwa. Kaputeni wakale kumeneko ali pamwamba pa mndandanda. Asankha yekha masiku ake, akhala mumzinda wa kwawo, naona ana ake akukula. Akapita ku kampani yaikulu adzayamba ndi kukhala pafupi ndi telefoni kuyembekeza kuitanidwa, kugwira ntchito pa Khirisimasi, ndi kugona m'nyumba zobwereka pamodzi ndi anzake kutali ndi banja. Choopsa chake cha kukhala ndi chakuti kampani yaing'ono ikhala ndi moyo malinga ndi pangano lake. Mu 2020, mliri wa Covid utaimitsa maulendo, makampani atatu a m'zigawo, Trans States, Compass ndi ExpressJet, anatseka, ndipo antchito awo anataya nambala zawo zonse.

OTSALA M'MIZINDA YAING'ONO

Nkhaniyi sikhudza oyendetsa okha. M'nthawi ya mliri makampani aakulu analola oyendetsa ambiri achikulire kupuma msanga. Maulendo atayambanso mu 2021 ndi 2022, anafunika anthu zikwi zambiri mwadzidzidzi, ndipo anakawatenga ku makampani a m'zigawo, makamaka makaputeni. Ndege siiuluka popanda kaputeni, ngakhale achiwiri achuluke chotani. Mu 2022 mkulu wa American ananena kuti ndege zawo zazing'ono ngati 100 zinali chiimire posowa oziyendetsa. M'mwezi wa Seputembala chaka chomwecho kampaniyo inaleka kupita ku Dubuque, Toledo, Ithaca ndi Islip. SkyWest inapempha kusiya mizinda 29, koma Boma linaikaniza kuchoka kufikira papezeke wina wolowa m'malo. Wodwala wofuna dokotala wa kutali, wamalonda ndi mwana wa sukulu wa m'mizinda yotere anayamba kuyenda maola ambiri pa galimoto kuti akapeze ndege.

Pofuna kusunga antchito, makampani aang'ono anakweza malipiro koposa kale lonse. Mu Juni 2022 makampani a American a m'zigawo anafikitsa wachiwiri woyamba kumene pa madola 90 pa ola, ndipo ena anatsatira. Koma mu 2024 makampani aakulu anachepetsanso kulemba anthu, mwa zina chifukwa ndege zatsopano zimene anaitanitsa kwa Boeing zinachedwa kufika. Pamenepo achinyamata ambiri amene anakwanitsa maola awo anayamba kuyembekeza miyezi. Phunziro lake ndi lakuti ntchito imeneyi ili ndi zaka za dzinthu ndi zaka za njala, monga munda.

KU ULAYA NDI KU AFRICA

Njira ya ku America si ya dziko lonse lapansi. Ku Ulaya wophunzira wotsiriza sukulu yovomerezeka ndi maola ngati 200 akhoza kukhala wachiwiri pa Boeing 737 kapena Airbus A320 ya kampani monga Ryanair kapena easyJet, nakwaniritsa maola ake 1,500 ali pa ntchito, pambali pa kaputeni wozolowera. Ku Ethiopia, kampani ya dzikolo, imene inayamba kuuluka mu 1946, ili ndi sukulu yakeyake, ndipo ndege zazing'ono zopita ku Gondar ndi Lalibela ndi zazikulu zopita ku London zili m'nyumba imodzi. Munthu akwera makwerero onse osasintha bwana.

Kum'mwera kwa Africa kuno, makwerero oyamba a ambiri ndi ndege za m'tchire. Ku Maun, m'dziko la Botswana, achinyamata ochokera ku maiko osiyanasiyana ayendetsa tindege ta Cessna ta injini imodzi, kunyamula alendo oona nyama ku madambo a Okavango, kutera pa mabwalo a dothi pamene nthawi zina ayenera kuyamba athamangitsa nyama. Akapeza maola apita ku makampani a m'zigawo monga Airlink ya ku South Africa kapena Proflight ya ku Zambia, ndipo ena pambuyo pake atengedwa ndi makampani aakulu a kutali monga Emirates ndi Qatar Airways. Apa vuto lifanana ndi la ku America: wamng'ono aphunzitsa, wamkulu akolola.

KUNO KWATHU

Achikulire akumbukira kuti dziko lino linaona mitundu yonse iwiri ya ntchito. Kampani ya Central African Airways, imene inakhazikitsidwa mu 1946, inali ndi tindege ta Beaver ta injini imodzi totera ku Mzimba, Mzuzu ndi Karonga m'masiku amene misewu ya kumpoto inali kutsekeka ndi mvula. Tindegeto tinali kutula anthu ndi makalata ku Lilongwe ndi ku Chileka, kumene ndege zokulirapo zinali kuwatenga kupita ku Salisbury, mzinda umene lero ndi Harare. Mu 1949 ndi 1950 ndege zazikulu za BOAC zotera pa madzi zinali kuima ku Cape Maclear pa ulendo wa pakati pa England ndi South Africa. Air Malawi inabadwa mu 1964 monga mwana wa Central African Airways, niima payokha mu 1967. Kuyambira 1974 kufikira 1979 inayesa ntchito ya makampani aakulu, kuulutsa ndege ya VC10 kupita ku London, koma katunduyo anali wolemera. Kampaniyo inatha mu 2013.

M'malo mwake, mu Januwale 2014, munayamba kampani imene lero itchedwa Malawi Airlines, m'mene Boma linatenga magawo 51 pa 100 ndipo Ethiopian Airlines 49. Inayamba ndi Boeing 737 ndi Q400. Maulendo ake ndi a m'chigawo chino cha Africa, monga ku Johannesburg, Lusaka, Harare ndi Dar es Salaam, ndipo wofuna kupita kutsidya kwa nyanja akasintha ndege pa bwalo lalikulu la kunja. Mwa mau ena, pa mapu a ndege a dziko lapansi ife tili ku mtsinje wothira m'waukulu. Ichi si chamanyazi, pakuti popanda Ruo ndi anzake Shire akanachepa. Ndipo kwa mtsikana uja wa m'kalata tinene kuti mu Malichi 2017 ndege ya kampaniyi inapita ku Dar es Salaam ili ndi antchito aakazi okhaokha, motsogozedwa ndi Kaputeni Yolanda Kaunda.

MAU KWA APHUNZITSI NDI MAKOLO

Mwana wofuna ntchito imeneyi alimbikire masamu, sayansi, jogalafe ndi Chingelezi, pakuti Chingelezi ndicho chilankhulo cha pa wailesi pa maulendo a pakati pa maiko. Makolo asanalipire kanthu ku sukulu iliyonse, mwana ayambe wapimidwa ndi dokotala wovomerezedwa pa za ndege. Mtima, makutu ndi maso ziyesedwa, ndipo wosatha kusiyanitsa bwino mitundu monga wofiira ndi wobiriwira akhoza kukanidwa. Nzachisoni kugulitsa khola lonse kenaka nkumva kuti mwana sangaloledwe.

Amalawi ambiri a ntchitoyi akaphunzira kunja, monga ku South Africa ndi ku Ethiopia. Funsani kwa akuluakulu a Boma oona za ndege ngati sukulu imene mwaimva ndi yovomerezeka, ndiponso ngati chiphaso chake chidzalandiridwa kuno. Chenjerani ndi munthu wolonjeza kuti mwana adzalowa pa kampani yaikulu akangotsiriza. Powerengera ndalama, muwerengerenso zaka zoyamba za malipiro ochepa, pamene mwanayo adzakhala akali kusonkhanitsa maola.

Muuzenso ana kuti ndege siiuluka ndi oyendetsa okha. Pafunika amakaniko, oongolera ndege ali pansi, oyesa nyengo ndi ozimitsa moto, ndipo ntchito zimenezi nazonso nzolemekezeka. Koma amene mtima wake uli pa mpando wa kutsogolo asanyoze kandege kakang'ono, pakuti makaputeni ambiri amene lero aoloka nyanja anayambira pomwepo.

Aphunzitsi amene ali ndi mafunso ena pa nkhaniyi alembere kwa Mkonzi, ndipo tidzayesa kuwayankha m'nyuzi ya mwezi wa mawa.